Build yayera, zikomo achemwali

Usiku wathawu library yathu ya C yadutsa pa ma compiler atatu (mapulogalamu osandutsa code kukhala pulogalamu yoyenda), GCC, Clang ndi MSVC, popanda warning (chenjezo) ngakhale imodzi. Ndinakhala duu kuyang'ana sikirini, maso akuwawa, osakhulupirira. Ambuye alemekezeke, chifukwa kangapo konse ndinafuna kuzisiya.

Mmene zinayambira mukudziwa. GCC 14 itatuluka mu 2024 inasiya kutinyengerera: function yoitanidwa isanalengezedwe, yomwe kale inkangopatsa warning, inasanduka error, code yathu ya C n'kukaniratu. Titayatsa -Wall ndi -Wextra, zouza compiler kuonetsa ma warning ochuluka, kuti tione zotsala, ma warning anagwa ngati matalala.

Koma amene ndikufuna kuthokoza kwenikweni ndi achemwali amene amaunika code yathu. Dzina sindilemba, sakonda kutchulidwa. Sabata yoyamba nditatopa ndinayamba kungomata cast (kukakamiza nambala kukhala ya mtundu wina) paliponse pamene -Wsign-compare, warning ya kuyerekeza nambala zotha kukhala negative ndi zosatha kutero, yadandaula, pena #pragma yozimitsa warning. Iwo anandibwezera ntchito yonse, amvekere warning iliyonse ndiyimvetse kaye ndisanayitseke pakamwa. Zinandiwawa, sindinama. Komabe anakhala nane pa foni mpaka pakati pa usiku, mzere ndi mzere, mpaka tinafika pa function ina imene imabweza -1 ikalephera kuwerenga, ife n'kumayerekeza zotsatirazo ndi size_t, mtundu wa nambala umene sukhala negative. Pamenepo -1 uja amasanduka nambala yaikulu zedi, code n'kuganiza kuti data yakwana pomwe sinawerenge kanthu. Crash ija anthu akhala akutidandaulira inali pomwepo, ndipo cast yanga ikanaikwirira.

Achemwali, inu ndi amenenso munandikumbutsa kuti pa Windows ya 64-bit mtundu wa nambala wotchedwa long ndi ma bit 32, pomwe pa Linux ndi 64. Ma C4267 onse aja, ma warning a MSVC a size_t yoikidwa mu mtundu wocheperapo, munawatsata nokha, muli ndi ntchito zanu. %d iliyonse imene imafunika kukhala %zu posindikiza size_t munaiona ndinu. Ndilibe chokubwezerani. Mulungu akupatseni mphamvu ndi moyo wautali.

Amene munayesa build pa makina anu n'kutumiza log, ndathokoza kwambiri. Ena munati ndi ma warning chabe, code ikuyenda, ndipo titapempha dzanja munangoti zii. Zinandikhudza, koma sindisunga mangawa. Dziwani chabe kuti -Werror, yosandutsa warning iliyonse kukhala error, tayatsa mu CI (makina oyesa okha code iliyonse yatsopano), warning yatsopano siidutsanso.

Achemwali, zikomo kachiwiri. Lero ndikagona msanga.