Sabata ya mbozi za m'chimanga, nankafumbwe ndi agulugufe a ku Michiru

Ntchito ya sabata ino inali zithunzi za kabuku ka alangizi a zaulimi, kosonyeza tizilombo towononga chimanga m'munda ndi m'nkhokwe. Tsiku limodzi lokha ndi lomwe linapita ku Michiru, kukajambula za kalendala. Eni kabukuka anapereka mndandanda waufupi: mbozi yachilendo ija ambiri akungoitcha ntchemberezandonda, kapuchi, nankafumbwe wa mitundu iwiri, nunkhadala ndi nsabwe za m'masamba. Chithunzi chotere ntchito yake ndi imodzi. Mlangizi akachionetsa kwa mlimi ku Lunzu kapena ku Mpemba, mlimiyo athe kufunyulula nsonga ya chimanga chake n'kunena kuti "ndi yomweyi", kapena "ayi, iyi ndi ina". Kukongola kumabwera pambuyo. Choncho lenzi, kuwala, ngakhale pomwe munthu wagwada, zonse zimasankhidwa poyang'ana chizindikiro chimene chimasiyanitsa kachilomboko ndi anzake.

Lolemba linali la zida. Lenzi yodalirika pa ntchitoyi ndi macro (lenzi yojambulira tinthu ting'onoting'ono chapafupi) ya 100mm yofika pa 1:1, kutanthauza kuti kachilombo ka mamilimita 10 kamagwera pa sensa, kachipangizo ka m'kamera kolandira chithunzi, kali mamilimita 10 omwewo. Sensa yaikulu yotchedwa full frame ndi ya 36mm m'litali, ndiye mbozi yokhwima ya masentimita atatu ndi theka imadzaza chithunzi chonse. Ubwino wina wa 100mm ndi mpata: pa 1:1 pamatsala masentimita pafupifupi 14 pakati pa lenzi ndi kachilombo, okwanira kuti kuwala kulowe komanso kuti chiwala chisajowe. Amene alibe lenzi imeneyi asataye mtima. Ma extension tube, timapaipi totalikitsa lenzi ndi kamera, atatu a 12mm, 20mm ndi 36mm, akawamanga kumbuyo kwa lenzi wamba ya 50mm amapitirira 1:1, kungoti mpata umachepa kwambiri ndipo mthunzi wa lenzi umayamba kugwera pa chojambulidwacho.

Mu Januwale muno mdani wamkulu ndi chinyontho. Lenzi iliyonse timaiunika ndi tochi kuchokera kumbuyo, kuona ngati mwayamba timizere toyera ta nkhungu pagalasi. Zida zimagona m'kontena yotseka bwino momwe muli silica gel woyamwa chinyontho, osati m'chikwama chomwe chanyowa kutchire. Sensa nayo iyenera kupukutidwa, chifukwa fumbi lomwe silioneka pa f/4, pomwe kabowo kolowera kuwala m'lenzi kali kotseguka kwambiri, limatuluka lonse pa f/11, pomwe kabowoko kachepa. Mabatire a fulashi, a AA otchajidwa, timakonzeratu magulu awiri magetsi akadalipo.

Fulashi yopanda chofewetsa kuwala imawononga chithunzi cha mbozi. Khungu lake limanyezimira, ndipo pamalo penipeni pomwe pali madontho ofunika pamangotuluka banga loyera. Chofewetsera sichifuna ndalama: pepala loyera lofewa lija amakutira zipangizo zamagetsi m'makatoni, kulidula masentimita 20 ndi 25, kuboola cha kumunsi kuti lenzi ilowe, n'kulipendeketsa kutsogolo kuti likhale pamwamba pa kachilombo. Likamayandikira kachilomboko, kuwala kumafewanso kwambiri.

Lachiwiri tinali m'munda cha ku Lunzu dzuwa lisanatuluke. Mmawa mphepo imakhala isanayambe, ndipo tizilombo timakhala tisanachangamuke. Choyamba ndi kupempha kwa eni munda, chifukwa nsonga ina imathyoka poitsegula. "Amayi, tingatsegule nawo nsonga ziwiri zitatu zomwe zagwidwa kale?" Mayiwo ndiwo anatilozera mzere woyenera, poti mwini munda amadziwa pomwe payambira vuto kuposa mlendo.

Mbozi ya ntchemberezandonda ija, Spodoptera frugiperda, kwawo ndi ku America. Inaoneka koyamba mu Africa mu 2016, ndipo pofika December 2017 boma la Malawi linalengeza za ngozi m'maboma 20 mwa 28 chifukwa cha iyo. Anthu anaizolowera dzina, koma ambiri amaisokonezabe ndi mbozi zina, n'chifukwa chake kabukuka kakufuna zizindikiro ziwiri zioneke poyera. China chili pamutu: mzere woyera wa chilembo cha Y chozondoka. China chili kumbuyo, pa mfundo yachiwiri kuchokera kumchira: madontho anayi akuda oima m'makona anayi ofanana.

Vuto lagona apa. Pa 1:1 ndi f/11, gawo lomwe limaoneka lakuthwa pa full frame ndi mamilimita 1.3 okha kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Mukaijambula mbozi chakumaso, Y amatuluka koma madontho a kumchira amasungunuka. Mukaijambula chammbali, thupi lonse limaoneka koma zizindikiro ziwiri zija zimabisika, chifukwa zonse zili kumsana. Njira yake ndi kuijambula kuchokera pamwamba, kumbuyo kwa kamera kutalingana ndendende ndi msana wa mbozi, ndi kubwerera pang'ono kufika pa 1:2, pomwe gawo lakuthwalo limakula kufika pa mamilimita pafupifupi 4. Kenaka mutu ndi mchira zimajambulidwa pazokha pa 1:1, kuti m'kabuku zikakhale tizithunzi tating'ono pambali pa chachikulucho.

Wina angati, bwanji osangotseka mpaka f/22? Pa 1:1 kuwala kofika pa sensa kumakhala gawo limodzi mwa anayi a kuwala kwa nthawi zonse, moti f/11 imagwira kale ntchito ngati f/22. Mukatsekanso, kuwala kumamwazika podutsa pa kabowo kakang'onoko, ndipo chithunzi chonse chimafewa, tiubweya ta mbozi n'kuzimirira. Ine sindipitirira f/13 pa ntchito yosindikiza.

Kamera imakhala pa M, pomwe zonse timasankha tokha: shutter (nthawi yomwe kamera imatsegukira kuwala) 1/200 ya sekondi, f/11, ISO (kamvedwe ka sensa ku kuwala) 200, fulashi pa 1/8 ya mphamvu yake. Chomwe chimaimitsa kugwedezeka si shutter ayi, ndi kuphethira kwa fulashi, komwe pa mphamvu yochepa chonchi kumakhala kwakufupi zedi. Autofocus, fokasi yodziyendera yokha, timazimitsa, chifukwa imangosakasaka pakati pa masamba. Timaika lenzi pa kukula komwe tikufuna, dzanja lamanzere n'kugwira tsamba, kutsogolo kwa lenzi n'kutsamira pa dzanja lomwelo, kuti tsamba likagwedezeka kamera ipite nalo limodzi. Zikatero thupi ndi lomwe limasendera kutsogolo pang'onopang'ono, ndipo chala chimadina pomwe Y wathwa.

Ngati kumbuyo kukutuluka bii, ndiye kuti kuwala kwa fulashi sikukufikako. Mdima wotero umabisa mutu wa mbozi, womwe nawonso ndi woderapo. Kuika tsamba lina la chimanga masentimita 10 kapena 15 kumbuyo kumathetsa zimenezi, kapena kukweza ISO kufika pa 640 ndi kutsitsa shutter pa 1/100 kuti kuwala kwa dzuwa kulowe nawo.

Mlimi asanaone mbozi amaona zimene yachita, ndiye nazonso zinajambulidwa: timawindo toyera pa masamba pomwe mbozi zazing'ono zapala mbali imodzi, mabowo ong'ambikang'ambika a zazikulu, ndi zitosi zonga utuchi wonyowa zodzaza m'nsonga. Mazira amakhala pamodzi, nthawi zambiri 100 mpaka 200, atakutidwa ndi ubweya wotuwa wochokera kwa make. Dzira limodzi silikwana theka la milimita, choncho kuwala kumafunika kuchokere chammbali kuti lililonse likhale ndi kamthunzi kake. Pa zithunzi zingapo timagoneka mtengo wa machesi pambali, chifukwa "3cm" yolembedwa pansi siuza munthu zambiri ngati chinthu chomwe amachigwira tsiku lililonse. Ndipo mukatenga mbozi zokajambulira kunyumba, iliyonse ikhale m'kabotolo kake. Zikuluzikulu zimadyana.

Nunkhadala sanavute. Ndi wodekha, sathawa msanga, ndipo mitundu yake yofiira, yachikasu ndi yakuda imadzionetsa yokha. Amene akuphunzira ayambire pa iyeyu.

Lachitatu mvula inagwa kuyambira mmawa, ndipo linakhala tsiku la pa tebulo. Nankafumbwe wamba, Sitophilus zeamais, ndi wa mamilimita 3 mpaka 4, ali ndi kamlomo kakatali ndi mawanga anayi ofiirira pa zikamba za mapiko. Mnzake woopsa uja, Prostephanus truncatus, yemwe analowa ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kudzafika kuno kudzera kumpoto, alibe kamlomo: mutu wake umabisala pansi, thupi ndi lobulungira, ndipo kumbuyo kwake ndi kodukiza. Amaboola ngakhale chimanga chosatonola n'kusiya ufa wambiri. Ndi maso chabe, onsewa amangooneka timadontho takuda toyenda. Chithunzi chawo chimayenera kukhala chammbali, chifukwa kusiyana kwa mutu ndi kwa kumbuyo kumaonekera kumeneko.

Pa 1:1 kachilombo kotere kamatayika pakati pa chithunzi. Timafika pa 3:1 potembenuza lenzi ya 28mm ndi reverse ring, kamkombero komangira lenzi chotembenuza, n'kuimanga pa ma tube. Pamenepo, pa f/5.6, gawo lakuthwa ndi mamilimita 0.15 okha, ndipo chithunzi chimodzi sichingakwanire. Kamera imakwera pa kanjanji koyendetsa ndi sikuluwu, n'kumasendezedwa 0.1mm nthawi iliyonse, kuyambira pa mwendo wapafupi mpaka kupyola msana. Zimatuluka zithunzi 20 kapena 25, zomwe pulogalamu ya pa kompyuta ya Zerene Stacker kapena Helicon Focus imazilumikiza kukhala chimodzi. Mukalumpha sitepe, pamatsala kamzere kosawoneka bwino kodutsa thupi lonse, ndipo palibe chokonzera koma kuyambiranso.

Wamoyo sangakhale phee nthawi yonseyo, ndiye timagwiritsa ntchito akufa ochokera m'chimanga chothiridwa mankhwala. Akufa amapinda miyendo n'kuuma. Kuwasiya usiku umodzi m'kabotolo kotseka momwe muli tishu yonyowa kumawafewetsa, miyendo n'kutambasulika ndi singano. Ufa umachotsedwa ndi kabulashi kofewa kopentera, chifukwa pa 3:1 kambewu kamodzi ka ufa kamatseka diso lonse. Tebulo liime pa simenti, timer ikhale ya masekondi awiri, ndipo munthu asayende m'chipindamo. Chomaliza, osasintha kalikonse pa lenzi, ndi kujambula rula, kuti kamzere ka muyeso wa 1mm kodzaikidwa pa chithunzi kakhale koona.

Lachinayi ku Michiru ntchito inasintha. Kalendala imafuna kuwala kwachilengedwe, ndiye fulashi inatsitsidwa kufika pa 1/32, yongodzutsa mithunzi. Agulugufe amasonkhana pa mchenga wonyowa m'mphepete mwa timitsinje kuyamwa mchere, ndipo akakhazikika amalola munthu kuyandikira, bola abwere chokwawa ndipo mthunzi wake usawagwere. Mapiko akatsekeka, kamera ilingane nawo; ikapendekeka pang'ono, nsonga ya phiko imatayika. Tombolombo akauluka musamulondole. Amakonda kubwerera pa kamtengo komweko, choncho ikanitu fokasi pa kamtengopo n'kudikira.

Nanzikambe amafuna kuleza mtima kwina. Maso ake amayenda lililonse palokha, ndipo chithunzi chimakhala chamoyo pokhapokha diso lakumbali yanu litatembenukira ku lenzi. Akakuonani amazungulira kuseri kwa nthambi, moti zimathandiza mnzanu akaima mbali inayo kuti abwerere kwanu. Kumuchotsa pa nthambi n'kumuika pa duwa lokongola ndi khalidwe loipa, ndipo chithunzi chimaulula, chifukwa akapsinjika amada ndi kuchita mawanga. Chimodzimodzi kuika gulugufe mu fuliji kuti afooke. Zimenezi pa ntchito yathu sizichitika.

Apusi anapezeka m'mitengo cha m'ma 9 koloko, mphepo itayamba kale kulepheretsa za macro. Apa ndi lenzi ya 300mm kapena 400mm, shutter 1/1000, ISO yodzisankhira yokha. Thambo lowala kuseri kwa masamba limanamiza kamera, nkhope ya pusi n'kutuluka yakuda, ndiye timawonjezera +1 pa exposure, kuti chithunzi chiwale. Chakudya sitiwapatsa. Za chitetezo n'zosakambirana: thalauza lilowe m'masokosi chifukwa cha linthumbu, ndipo musanagwade yang'anani pansi, poti mphiri sathawa munthu.

Lachisanu linathera pa kompyuta. Kusankha kumachitika chithunzi chitakulitsidwa pa 100%, ndipo funso ndi lomwe lija: Y akuoneka? Madontho anayi awerengeka? Zithunzi zina zokongola kwambiri, za mbozi itadzutsa mutu mame ali mbuu pa tsamba, zinapita ku foda ina chifukwa sizikuthandiza mlangizi. Mtundu sitiukometsa. Masamba obiriwira amapaka ubiriwiri wawo pa thupi la mbozi, ndipo zimakonzedwa pa white balance (kalinganizidwe ka mitundu) ya RAW, fayilo yosakonza yochokera m'kamera, potsatira khadi lotuwa lomwe linajambulidwa m'munda momwemo. Mbozi yokha imasiyanasiyana, ina yobiriwira, ina yoderapo, choncho m'kabuku mulowa mitundu iwiri kuti munthu asadalire mtundu.

Tsamba la A5 ndi la 148mm m'lifupi, ndipo pa 300 dpi limafuna ma pixel 1,748, choncho kudula chithunzi cha kamera ya 24 megapixel sikuvuta. Chofunika kusamala ndi kusinthira ku CMYK, mitundu ya inki yosindikizira, komwe kumazimitsa zobiriwira. Osindikiza atulutse kaye tsamba limodzi loyesera. Fayilo iliyonse imalembedwa malo, tsiku, mbewu ndi mmene lenzi inakulitsira kachilomboko, ndipo dzina la kachilombo limatsimikizidwa ndi katswiri wa tizilombo lisanasindikizidwe.

Kapuchi sanapezeke m'munda wa ku Lunzu. Akakulirapo amalowa m'phesi, ndiye sabata yamawa ndi ya minda ya cha ku Bvumbwe, kukafuna mapesi a timabowo m'mbali ndi kuwang'amba motsata utali ndi mpeni wakuthwa, mosamala kuti mboziyo ipezeke ili yonse m'njira yake.