Loweruka la mvula, ndi mbama ya Lois Lane

Mvula inayamba kusanache, ulendo wa ku msika n'kufera pomwepo. Cha m'ma 9 koloko magetsi nawo anathima. Mwana wa achemwali anga amene tikukhala naye, wa Fomu 2 uja, foni itamuthera moto anasowa pogwira, nayamba kusanthula katoni ya mabuku anga akale. Anatulutsamo mabuku awiri a nthano za zithunzi omwe ndinagula kalekale kwa anyamata oyala mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe. Ndi nthano zakale za ku America zosindikizidwanso. Limodzi chikuto chinachoka, linalo mphemvu zinadyako m'mphepete.

Tinakhala pakhonde pomwe panali kuwala. Anayamba ndi nkhani yoyamba ya Superman, ya mu Action Comics nambala 1, ya chaka cha 1938. Anailemba Jerry Siegel, anajambula Joe Shuster, anyamata a ku Cleveland omwe anagulitsa umwini wake pa madola 130 okha. Ndinkaganiza kuti mtsikanayu akopeka ndi chithunzi cha Superman atanyamula galimoto m'mwamba. Ayi ndithu. Iye anaima pa tsamba la ku dansi. Clark Kent, yemwe ndi Superman yemweyo atadzibisa ngati munthu wamba, watenga Lois Lane, mtolankhani mnzake, kuti akavine. Chimunthu china chovuta chikubwera kudzamulanda mkaziyo, Clark n'kumangonjenjemera dala kuti asadziwike kuti ndi ndani. Lois osadikira munthu, anachiwomba mbama chimunthucho, n'kutuluka, n'kumuuza Clark pamaso kuti ndi wamantha.

"Amalume, ndiye ngwazi ndi uti apa?" Anafunsa chala chili pa chithunzicho.

Ndinati atembenuze tsamba. Zigawenga zija zamutsatira Lois, zamuponya m'galimoto mwawo, ndipo Superman akubwera kudzazikhuthula, galimotoyo n'kuiphwanyira pa mwala. Mtsikanayu anangoti "aaa", kenako ziii.

Apa ndi pamene pamandipweteka ine pa nthanozi. Lois sanalembedwe ngati munthu wofooka. Ali pa ntchito, ali ndi pakamwa, akulimbirana nkhani ndi amuna mu nyuzipepala. Koma kabuku kankagulitsidwa pa masenti 10, ndipo mwezi uliwonse pankafunika wina woti apulumutsidwe. Ndiye kulimba mtima kwake komweko n'kumene olemba anakusandutsa msampha: athamangire nkhani yekha, agwidwe, amangidwe pa mpando kapena agwe kuchokera pa nyumba yosanja, bambo wa chinsalu chofiira adzamuwakhe. Akanakhala wamantha bwenzi ali kunyumba, nkhani palibe.

Buku lachiwiri ndi la Wonder Woman, ndipo apa mtsikanayu anakhala tsonga. Nthanoyi inatuluka kumapeto kwa 1941, m'nyengo ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Wogwa ndi ndege pa chilumba cha akazi okhaokha ndi mwamuna, msilikali Steve Trevor, ndipo womunyamula m'manja ngati khanda ndi Diana, yemwe ndiye Wonder Woman. Mwini nthanoyi, William Moulton Marston, anali katswiri wa za maganizo a anthu, yemwe anagwirapo ntchito yoyeza bodza poona kuthamanga kwa magazi. N'chifukwa chake anthu amaloza chingwe cha Wonder Woman chimene amati akakukulunga nacho umanena zoona zokhazokha. Marston ankanena poyera kuti akufuna atsikana akhale ndi ngwazi yawoyawo.

Koma diso la mwanayu ndi lakuthwa. Asanafike pakati anayamba kuwerenga ndi zala kuti mayiyu wamangidwa kangati. Maunyolo, zingwe, nsalu kumaso, tsamba ndi tsamba. Ndinamufotokozera lamulo la m'nthanomo: mwamuna akangolumikiza zibangili za mayiyu ndi unyolo, mphamvu zake zimatha. Marston ankati unyolowo ulipo kuti anthu aone ukudulidwa, ndipo n'zoona, kawirikawiri amadzimasula yekha, kapena amamuthandiza mnzake wokonda maswiti uja, Etta Candy, ndi gulu lake la atsikana a ku koleji. Komabe ine ndimaona kuti maunyolowo anachuluka kuposa mmene phunzirolo linkafunira.

Chimene chinamuseketsa mpaka misozi ndi chomwe ndinamuuza kuchokera m'mutu. Mu 1942 Wonder Woman analowa m'gulu la ngwazi lotchedwa Justice Society of America. Udindo umene anamupatsa? Mlembi. Munthu wotha kubweza zipolopolo ndi zibangili, amuna akamapita kokamenya nkhondo iye ankatsala.

"Ngati komiti ya kutchalitchi kwathu," anatero. "Wapampando abambo, wolemba maminitsi amayi."

Sindinayankhe, chifukwa achemwali anali pafupi ndipo iwo ndi mlembi wa komiti ina yake.

Marston anamwalira mu 1947, nthanoyo n'kupita m'manja mwa Robert Kanigher. Nkhondo inali itatha, akazi ambiri a ku America omwe ankagwira ntchito m'mafakitale anabwezedwa kunyumba, ndipo nthano zachikondi ndi zomwe zinayamba kuyenda malonda. Pofika 1949 panatuluka chikuto chosonyeza Steve Trevor atanyamula Wonder Woman kumuwolotsa kamtsinje. Yemwe uja! Kenako mu 1954 dokotala wa matenda a maganizo Fredric Wertham anadzudzula mabukuwa kuti akuwononga ana, osindikiza n'kudziikira malamulo okhwima. Ngwazi ina yachikazi, Batwoman, atabwera mu 1956, zida zake zinali m'kachikwama ka m'manja, zina zooneka ngati paudala ndi zopaka milomo.

Ndinamuuzanso kuti akazi analipo kuseri kwa masambawo, kungoti maina awo ankabisika. Joye Hummel analemba nkhani zambiri za Wonder Woman m'zaka za m'ma 1940, koma zinkatuluka pa dzina la Charles Moulton, lomwe Marston ankasainira nthanozi. Amene anajambula nthano ya ngwazi yachikazi yotchedwa Miss Fury mu 1941 anali mayi, June Tarpé Mills, koma ankasaina Tarpé Mills basi, kuti owerenga asadziwe kuti ndi mkazi. Mtsikanayu analemba maina awiriwo kuseri kwa kope lake la masamu, akuti akawafufuza foni ikalowa moto.

Cha m'ma 5 koloko mvula inakata, magetsi osabwerabe. Achemwali anakuwa kuchokera kukhitchini kuti mbaula yayaka, mwana abwere adzaphike nsima. Iye osadzuka. Anangondiyang'ana, buku lili pamiyendo.

"Amalume, kwatsala masamba 6 okha, ndipo amumanganso. Pitani inuyo."

Ndinapita. Nsimayo inatuluka ya mibulu, achemwali anadya akung'ung'udza, ndipo mwiniwake wa mlanduwo anapempha mtanda wachiwiri.