Lipoti la ulendo wa masiku atatu: zimene zinavuta pa magalimoto okwezedwa

Tinanyamuka ndi magalimoto 8, ndipo 6 mwa magalimotowo anali okwezedwa n'kuvekedwa matayala akuluakulu. Tsiku loyamba tinayenda paphula kenako mumsewu wadothi wa timabampu tothinana. Lachiwiri tinakwera chitunda cha miyala n'kuwoloka mtsinje kawiri, ndipo lachitatu kunali mchenga ndi mtsetse wautali wobwerera kuphula. Tisananyamuke aliyense analemba papepala saizi ya matayala ake, mamilimita amene anakweza, ndi zida zina zimene anasintha, kuti galimoto ikavuta tisamachite kulota poyambira. Lipotili talembera makamaka inu anzathu amene simunabwere koma mukusunga ndalama zokwezera galimoto.

Paulendo wonse palibe sipuling'i imene inathyoka, palibenso tayala limene linaphulika. Zimene zinatichedwetsa ndi zida zimene eni ake anazisiya mmene zinachokera kufakitale, pomwe galimotoyo inasintha kale msinkhu. Kukweza kumasintha kapendekeke ka zitsulo zapansi. Tayala lalikulu limawonjezera ntchito ya magiya, mabuleki ndi mabering'i. Awa ndi mavuto awiri osiyana, lililonse ndi bajeti yake.

Choyamba kuonekera chinali liwiro. Galimoto yotsogolera inkangotisiya, woyendetsa akulumbira pawailesi kuti ali pa 80, pomwe GPS inkati 90. Masamu ake ndi apafupi. Galimotoyo inabwera ndi matayala a 265/70R16, otalika mainchesi 30.6, ndipo tsopano yavala 315/75R16, otalika mainchesi 34.6. Tayala latsopanolo likazungulira kamodzi limayenda mtunda woposa wa lakale ndi 13 peresenti, ndiye sipidomita imatsalira m'mbuyo. Mita ya mtunda nayonso imanama: ikamati mwayenda makilomita 5,000, mwayenda oposa 5,600, ndipo oyilo wa injini wapitirira nthawi yake inu osadziwa.

Tayala lalitali limatalikitsanso magiya onse nthawi imodzi. Pachitunda choyamba cha paphula, giyabokisi ya otomatiki ya galimoto yomweyo inkangosakasaka giya, kukwera kutsika, mpaka nyali ya kutentha kwa oyilo inayaka ndipo tinaima mphindi 20. Pa galimoto ya manyuwo vuto lomweli mumalimva ndi mphuno, klatchi ikamanunkha ponyamuka pamiyala. Mankhwala ake ndi kusintha crown wheel ndi pinion, magiya awiri akuluakulu a m'difu. Tengani ratio yakale (maulendo amene pinion imazungulira kuti crown wheel izungulire kamodzi), chulukitsani ndi kutalika kwa tayala latsopano, gawani ndi kutalika kwa lakale. Apa 4.10 kuchulukitsa ndi 34.6 kugawa ndi 30.6 ikupereka 4.64. Pamsika mupeza 4.56 kapena 4.88. Ife tikuona kuti galimoto yonyamula katundu wa ulendo ndi bampala yachitsulo ikuyenera 4.88, chifukwa masamuwo sawerengera kulemera kwa tayala lenilenilo. Ya 4.56 ndi ya amene amakhalitsa paphula.

Madifu onse awiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, asinthidwe limodzi ndi ratio yofanana, apo ayi mukangolowetsa 4WD maekiselo amakokanakokana mpaka china chithyoke. Ntchitoyi musapatse makaniko woyeza ndi maso. Backlash, kampata ka pakati pa mano a magiyawo, imayezedwa ndi chida chotchedwa dial gauge, kawirikawiri pakati pa mamilimita 0.15 ndi 0.25 malinga ndi zimene opanga magiyawo alemba, ndipo mano amapakidwa utoto kuti aoneke pamene akugundana. Magiya atsopano muwayendetse mofatsa makilomita 800 oyamba osakoka ngolo, kenako musinthe oyilo. Wa otomatiki awonjezerepo cooler ya oyilo wa giyabokisi.

Masana a tsiku lomwelo ndi pamene tinaona choopsa kwambiri. Galimoto ya ekiselo yolimba kutsogolo (chitsulo chimodzi cholumikiza matayala onse awiri), yokwezedwa mamilimita 75, inamenya dzenje ili pa 70 ndipo kutsogolo konse kunayamba kugwedezeka, chiwongolero chikumenya m'manja, osasiya mpaka galimotoyo itatsala pang'ono kuima. Kayezedwe kake n'kosavuta. Galimoto iime pansi ndi kulemera kwake konse, wina azigwedeza chiwongolero uku ndi uku pang'onopang'ono, wina agone kutsogolo atagwira mfundo iliyonse ndi dzanja. Tinapeza bawuti ya panhard rod, chitsulo chopingasa choletsa ekiselo kusunthira m'mbali, ikusewera, ndipo bowo la pabulaketi linali litadyeka, lasanduka ngati dzira. Eni ake anali ataikapo steering damper (shoko ya chiwongolero) yachiwiri sabata zapitazo poganiza kuti athetsa kunjenjemerako. Damper imangobisa matenda, bowo likupitirira kukula.

Chifukwa chake n'chakuti mukakweza, panhard rod imapendekeka kwambiri n'kukokera ekiselo mbali imodzi. Imani kutsogolo kwa galimoto muone: tayala lina latuluka kunja kuposa linzake. Pamafunika panhard rod yotheka kutalikitsa, kutsogolo ndi kumbuyo komwe ngati kuli makoyilo. Iyeneranso kugona mofanana ndi drag link, chitsulo chochokera kuchiwongolero chokhotetsa matayala, chifukwa zikasemphana galimoto imakhota yokha ikadumpha bampu. Kukweza kumatembenuzanso ekiselo pang'ono n'kuchepetsa caster, kapendekeke kamene kamabwezera chiwongolero pakati, ndiye chiwongolero sichibwerera pakati mukatuluka pakona ndipo galimoto imayenda ngati yaledzera. Izi zimakonzedwa ndi mabushi obwezera caster, mabulaketi otsitsa mikono ya ekiselo, kapena mikono yotheka kusintha kutalika, kenako alayimenti yoyezedwa pamakina, osati ndi chingwe. Chinanso chimene ambiri amalakwitsa: mabawuti odutsa m'mabushi a labala amangidwe galimoto itatsika pajeke, yaima pamatayala ake. Mukamanga ili m'mwamba, labala imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo imang'ambika msanga.

Tsiku lachiwiri, pachitunda cha miyala, ndi pamene sasipenshoni inatambasuka mpaka pomaliza. Pa galimoto ina paipi ya buleki yakumbuyo inakungika ngati chingwe cha uta pamene tayala linalendewera m'chigwembe, ndipo pa ina waya wa ABS unaduka. Mashoko ataliatali amalola ekiselo kutsika kuposa kale, koma mapaipi ndi mawaya ndi akale omwe aja. Yesani pakhomo: kwezani chasisi mpaka matayala alendewere, ndipo paipi iliyonse ikhale idakali ndi mpata wosewera. Muonenso ngati koyilo sikugweduka pampando wake komanso ngati timikono ta sway bar, chitsulo chochepetsa kupendekeka kwa galimoto pokhota, tikufikira. Ndiye yesani mbali inayo, tayala litakankhidwira m'mwamba chiwongolero chitakhotetsedwa mpaka kumapeto. Galimoto imodzi inang'amba pulasitiki ya m'kati mwa madigadi motere chifukwa bump stop, labala yoletsa ekiselo kukwera mopitirira, inali yakale, yaifupi. Bump stop iyenera kugwira tayala lisanakhudze bodi komanso shoko isanafike pansi pake, chifukwa shoko ikamagwira ntchito ya bump stop imatha msanga kapena kuzula bulaketi.

Magalimoto a sasipenshoni yodziimira payokha kutsogolo ali ndi nkhani yawoyawo. Mukapitirira mamilimita 50, ma CV joint, mfundo za mashafti ozunguza matayala akutsogolo, amagwira ntchito atapindika, malabala ake amadzipekesa okha mpaka kubowoka, ndipo ball joint yam'mwamba imafika pothera tayala lisanatsike mokwanira. Imodzi mwa magalimotowa tinaipeza girisi atamwazikira m'kati mwa limu, ndipo madzulo inali itayamba kulira kuti tetete pokhota. Pamafunika mkono wam'mwamba wopangidwira galimoto yokwezedwa, ndipo pamagalimoto ena diff drop, yomwe ndi kutsitsa difu yakutsogolo pang'ono, imathandiza kuwongola mashafti. Kayendetsedwe nako n'kofunika. CV imathyoka chiwongolero chikakhala kumapeto, tayala likuzungulira m'malere, kenako n'kugwira mwala mwadzidzidzi phazi lili pa mafuta. Tayala likayamba kudumphadumpha, chotsani phazi.

Mwina tinenepo apa kuti pa ekiselo yolimba, kukweza sikutalikitsa difu kuchoka pansi ngakhale pang'ono. Chimene chimakweza difu ndi tayala, ndipo limakweza theka chabe la kusiyana kwake. Kuchoka pa mainchesi 30.6 kufika 34.6, difu imakwera masentimita 5 okha. Onse amene anakhala pamwala tsiku limenelo anakhalira difu kapena transfer case, bokosi logawa mphamvu kumatayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo amene anali ndi mbale zachitsulo zotchinga pansi anangokokedwa n'kupitirira.

Kumtsinje madzi anafika pakati pa matayala. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira, mpweya wam'kati umanyala n'kukoka madzi kudzera pa breather (kapaipi kopumira) kapena m'masili. Madzulo tinatsegula madifu onse, ndipo iwiri inatulutsa oyilo woyera ngati mkaka. Yonse iwiri inali ndi timapaipi takale, ndipo pa imodzi kapaipiko kanali katazuka pamene ekiselo inatsika pamiyala paja. Paipi ya labala, makilipi ndi kasefa kakang'ono n'zokwanira kukweza ma breather a madifu, giyabokisi ndi transfer case mpaka pansi pa boneti.

Za propeshafti sitichulukitsa. Galimoto yaifupi ikamanjenjemera pansi pa mpando mukamaponda mafuta, yezani kapendekeke ka pinion. Pa shafti ya double cardan, ya mfundo ziwiri zogundizana mbali imodzi, pinion iloze ku transfer case, itsikeko digiri imodzi kapena awiri.

Tsiku lachitatu pamchenga tinaphwetsa matayala kufika pa 16 psi ndipo onse anadutsa, kupatula mmodzi amene anakhota mwamphamvu tayala n'kusiyana ndi limu. Pamenepo ndi pomwe zinadziwika kuti jeke yakufakitale siyikufikanso pachasisi, ndipo sipeya inali ya saizi yakale. Sipeya yaing'ono pa ekiselo yokhala ndi locker (chokakamiza matayala onse awiri kuzungulira mofanana) kapena pa galimoto ya 4WD ya nthawi zonse ndi kupalamula. Tayala la mainchesi 35 lamatope limatha kupitirira makilogalamu 30 lopanda limu, ndiye chitseko chakumbuyo sichingalinyamule nthawi yaitali mahinji osagwa. Limafuna chonyamulira chomangidwa kuchasisi. Kupopanso matayala anayi otere ndi kapampu kolumikiza pa choyatsira ndudu kunatidyera nthawi yochuluka. Gulani kompuresa yolumikiza kubatire.

Pamtsetse wobwerera, magalimoto awiri anafika pansi mabuleki akufuka, ndipo pa imodzi pedulo inali itafewa. Disiki ndi yomweija koma tayala latalika ndiponso lalemera, ndiye buleki imalimbana ndi mphamvu yokulirapo. Madzi a buleki a DOT 3 atsopano amawira pa madigiri 205 a Celsius, a DOT 4 pa 230, koma akakalamba n'kumwa chinyezi amatha kuwira pa 140 kapena 155. Asinthidwe zaka ziwiri zilizonse, ndipo mapadi akhale opirira kutentha. Pamapikapu akale pali valavu kumbuyo imene imayeza katundu poona mmene bodi yatsikira. Mukakweza, valavuyo imaganiza kuti galimoto ilibe katundu n'kuchepetsa mphamvu ya mabuleki akumbuyo, ntchito yonse n'kutsalira akutsogolo. Ya pedulo yofewa ija vuto lake linali limeneli, ndipo kabulaketi kokweza kandodo ka valavuyo mofanana ndi mmene munakwezera galimoto kamathetsa nkhani. Ngakhale zonse zili bwino, mtsetse wotere umatsikidwa ndi giya yaing'ono.

Titafika paphula tinagwira mahabu ndi dzanja. Otentha kwambiri anali a galimoto yokhala ndi ma spacer, mbale zoikidwa pakati pa habu ndi limu, chifukwa tayala likatulukira kunja limapanikiza bering'i chammbali. Manati a ma spacer amangidwe ndi torque wrench ndipo aonedwenso mukayenda makilomita 100 oyamba. Magetsi akutsogolo nawo atsitsidwe, poti awiri a ife tinkathobwa m'maso anthu obwera kutsogolo.

Gulu lagwirizana kuti ulendo wotsatira, galimoto iliyonse yokwezedwa idzaonedwa kutatsala sabata imodzi. Tidzailendewetsa kuti tione mapaipi a buleki, mawaya ndi ma breather, tidzagwedeza chiwongolero ili pansi, tidzayesa jeke yake ndi sipeya, ndipo eni ake abwere ndi pepala la alayimenti losonyeza caster. Amene ndalama zawo sizikwanira zonse nthawi imodzi ayambe ndi mabuleki ndi chiwongolero, magiya abwere pambuyo, ndipo mpaka nthawiyo matayala asapitirire mainchesi 33.