Osatsika Golomoti pa D

Galimoto zambiri zomwe tikuyendetsa masiku ano ndi zochokera ku Japan, zotsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe: ma Vitz, ma Passo, ma Sienta, ma Mira. Pafupifupi zonse ndi za otomatiki. Munthu akangotenga laisensi n'kugula yake, amaika giya pa D, basi, dzanja silibwereranso pamenepo kufikira nthawi yobwerera m'mbuyo kapena yoimika. Mumzinda palibe vuto. Kuchokera ku Area 25 kupita m'tauni kulibe phiri. Koma tsiku lina kumagwa ukwati ku Mangochi kapena maliro ku Chikwawa, munthu yemwe uja n'kupezeka ali pamwamba pa mtsetse wa Golomoti kapena wa Chikwawa, galimoto itadzaza azakhali, ana ndi matumba a ufa.

Ine ntchito yanga ndi yogula mbewu, soya ndi mtedza kuno kuchigawo chapakati, nandolo kummwera, choncho msewu ndiwo ofesi yanga. Pamitsetse imeneyi fungo la mabuleki opsa ndimalimva galimoto yake ndisanaione. Ndikaipeza, magetsi ofiira akumbuyo amakhala akuyaka osazima, kusonyeza kuti phazi lili pa buleki chiyambire pamwamba.

Buleki amaimitsa galimoto pokhukhuza. Mapadi amapana chitsulo chomwe chimazungulira limodzi ndi tayala, liwiro lija n'kusanduka kutentha. Pamalo athyathyathya mumaponda n'kusiya, chitsulo chimapeza mpata wozizira. Pamtsetse wautali mpata umenewo palibe. Mapadi akatentha mopitirira amasiya kugwira bwino, ndipo mafuta a buleki akawira mumalowa nthunzi m'mapaipi, mukaponda phazi limangopita pansi popanda chochitika. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi akamakhalitsa, ndiye akale amawira msanga kusiyana ndi atsopano. Opanga galimoto ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri. Dzifunseni kuti m'galimoto yanu anasinthidwa liti. Ambirife timangothiramo ena akachepa.

Chomwe chimatsitsa galimoto paphiri ndi injini. Madalaivala akale a malole ankati giya yomwe ungakwerere phiri ndi yomweyo utsikire, ndipo zimenezi sizinasinthe. Pa otomatiki yang'anani pansi pa D: galimoto zina pali 2 ndi L, zina S ndi B. Zilembo zimenezo sanaziike kuti zikongoletse, ndi magiya othandiza injini kugwira galimoto potsika. Ikani musanayambe kutsika, liwiro lili lochepa kale. Injini idzalira mokweza ndipo azakhali adzafunsa ngati galimoto yawonongeka. Auzeni kuti ili pantchito. Buleki muziponda mwamphamvu pang'ono musanafike pakona, kenako n'kusiyiratu kuti apume, osati kumangomugwiragwira njira yonse.

Pali khalidwe lina lomwe lakula chifukwa cha kukwera mtengo ndi kusowa kwa mafuta: kutsika phiri pa N, galimoto isali m'giya. Ena amafika pozimitsa injini. Apa ndiye sindinyengerera, kumeneku n'kusewera ndi miyoyo ya anthu omwe mwanyamula. Pa N injini sithandizanso kugwira galimoto, katundu yense amatsalira mabuleki. Mukazimitsa injini, buleki amalimba mukangoponda kangapo chifukwa mphamvu yomwe imathandiza phazi lanu imachokera ku injiniyo, chiwongolero nachonso chimauma. Chomvetsa chisoni n'chakuti mafuta omwe akuti akupulumutsawo sapulumuka n'komwe. Injini za masiku ano zimadula zokha mafuta galimoto ikamatsika ili m'giya phazi litachoka pa moto, pomwe pa N imafunika mafuta kuti isazime.

Kumtsetse wa Chiweta, kuchokera cha ku Phwezi kutsikira kunyanja, ndi kumtsetse wa Chikwawa, kuchokera ku Blantyre kutsikira ku Thabwa, kuli vuto lowonjezera: mathiraki. A mafuta ochokera ku Tanzania ndi a malasha kumpoto, a shuga ochokera ku Nchalo kummwera. Akamakwera amayenda ngati akuima, mtima n'kumakuuzani kuti dutsani. Thiraki yaitali ikamakhota pakona yopanikiza imadya mbali zonse ziwiri za msewu, osati mwadala, koma kutalika kwake. Mukakhala pambuyo pake pokwera, siyani mpata waukulu, chifukwa ikalephera giya imabwerera m'mbuyo. Mukakhala kutsogolo kwake potsika, muziyang'ana pagalasi.

Tsopano chifunga. Amene amayenda pakati pa Lilongwe ndi Blantyre m'mamawa mwezi wa Juni kapena Julayi akudziwa za ku Dedza, Bembeke mpaka Lizulu. Kumpoto ndi ku Chikangawa, kummwera ndi chiperoni cha ku Bvumbwe ndi Thyolo. Munthu ukalowa m'chifunga dzanja limathamangira kukweza magetsi, koma magetsi okweza amagunda timadontho ta madzi n'kubwerera m'maso mwako, umangoona zoyera. Otsitsa ndiwo amathandiza. Ena amayatsa ma hazard akuyenda. Ndimamvetsa mantha awo, koma wobwera pambuyo sadziwa ngati mwaima kapena mukuyenda, ndipo mukafuna kukhota indiketa sioneka. Ena amakakamira kumbuyo kwa galimoto ina n'kumalondola magetsi ake. Iyeyo akalowa m'ngalande nanunso mulowa momwemo.

Lamulo langa m'chifunga, usiku, m'fumbi kapena mu utsi wa lupsa ndi limodzi: ndiziyenda liwiro loti ndikhoza kuima mkati mwa mtunda umene ndikuuona. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa makilomita 100 pa ola galimoto imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Kuchokera pamene diso laona chinthu kufika pamene phazi lagwira buleki pamadutsa sekondi imodzi kapena kuposerapo, ndiye mamita 28 mpaka 40 apita galimoto isanayambe n'komwe kuchepetsa liwiro. Kenako buleki weniweniyo, pa tala youma ndi matayala abwino, amafuna mamita ena oposa 50. Zonse pamodzi ndi pafupifupi kutalika kwa bwalo la mpira. Magetsi otsitsa amaonetsa mamita ngati 50 okha. Ndiye amene akuthamanga 100 usiku atatsitsa magetsi, chilichonse chomwe chaima mumsewu adzachiona nthawi itatha kale. Komanso mtunda wa buleki sukula mofanana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi. Pa 50 ndi mamita ngati 14 okha. Chikwangwani cha liwiro cham'mbali mwa msewu chinaikidwa poganizira usana, kunja kuli ngwee. Sichidziwa kuti lero kuli chifunga.

Mvula yoopsa kwambiri pa tala si ya Januwale ayi, ndi chizimalupsa. Chilimwe chonse msewu umakhala ukusonkhanitsa fumbi, oyilo wodontha m'malole ndi zinyenyeswa za matayala. Timadontho toyamba timasakaniza zonsezi n'kupanga thope lopyapyala losaoneka, loterera koopsa, mpaka mvula yamphamvu itadzatsuka. Ndi nthawi yomweyonso imene anthu amazindikira kuti mawaipa anauma ndi dzuwa la Okutobala ndipo akungopaka matope pagalasi. Galasi likachita nthunzi mkati, yatsani AC muilozetse pagalasipo, imaumitsa mpweya msanga kuposa kupukuta ndi kansalu uku mukuyendetsa.

Za matayala ndinene pang'ono, poti ambirife timagula a kaunjika ndipo sindingaweruze munthu, atsopano mtengo wake tikuudziwa. Mizere ya patayala ntchito yake ndi kutulutsa madzi pansi pake. Ikafufutika, tayala limakwera pamwamba pa madzi, chiwongolero chimapepuka mwadzidzidzi, galimoto siimvanso. Zikatero chotsani phazi pa moto, gwirani chiwongolero mowongoka, musaponde buleki mwaukali, dikirani matayala agwirenso pansi. Pogula a kaunjika musamangoona mizere yokha. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chomwe linapangidwa. 3516 ndiye kuti sabata ya 35, chaka cha 2016. Tayala lokalamba limauma n'kuchita ming'alu ngakhale mizere ikuoneka yakuya, ndipo tala yotentha ya ku Salima kapena ku Nsanje ndiyo imaliphulitsa.

M'dzinja chithaphwi chilichonse mumsewu ndimachitenga ngati dzenje. Amene ayendapo msewu wa m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Salima kudutsa Nkhotakota, sangatsutse. Kumenekonso kuli milatho yopapatiza yodutsa galimoto imodzi, yomwe ena amaithamangira kuti afike oyamba.

Madzi oyenda ndi nkhani ina. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 ku Chikwawa, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anakokolola misewu ndi milatho ku Mulanje, Phalombe ndi kuchigwa cha Shire. Koma sipafunika namondwe kuti madzi atenge galimoto. Madzi othamanga akuya masentimita 30 okha, osafika n'komwe m'mawondo, amatha kunyamula galimoto yaing'ono, chifukwa galimoto imayandama pang'ono, matayala n'kusiya kugwira pansi. Chinanso, madzi a matope sakuonetsani ngati pansi pake msewu ukadalipo. Pamalo otere pamakhala anyamata okuitanani, "Bwana dutsani, ena adutsa pompano, tikukankhani." Iwo akufuna ya ganyu, ndipo amene anadutsayo mwina inali lole. Timitsinje tochokera m'mapiri timadzaza msanga n'kuphweranso msanga mvula ikaleka kumtunda, choncho kudikira nthawi zambiri kumathetsa nkhani. Ngati madzi ndi osayenda, osaya, ndipo mwaona galimoto yofanana ndi yanu ikudutsa, lowani pang'onopang'ono pa giya yoyamba osaima. Injini ikazimira pakati pa madzi musailize, chifukwa ngati yamwa madzi mudzapinda zitsulo zamkati, ndipo pamenepo makaniko adzakuuzani zogula injini ina. Mukatuluka pondani buleki mopepuka kangapo kuti aume.

Kumidzi komwe ndimakagula mbewu tala kulibe. Katondo akanyowa amaterera, makande a kudambo amamata matayala mpaka mizere yonse kutsekeka. Misewu yadothi imakhala yotumphuka pakati, ndiye mukangoyenda cham'mbali galimoto imatsetserekera m'ngalande yokha. Giya yachiwiri, moto wochepa wosasinthasintha, chiwongolero osachigwedeza. Mukatitimira musapondereze moto, mukungodzikumbira dzenje. Bwererani m'mbuyo pang'ono, ikani nthambi kapena miyala. M'chilimwe misewu yomweyi vuto ndi fumbi: lole ikadutsa simuona kanthu, ndipo m'fumbimo mumakhala munthu wa njinga atanyamula matumba a makala.

Pa ma trading centre, Lizulu, Tsangano, Mponela, Jenda, Lunzu, tsiku la msika msewu umasanduka msika womwewo. Minibasi ikaima m'mbali, dziwani kuti wina atulukira kutsogolo kwake osayang'ana. Mwana mmodzi akawoloka mothamanga, mnzake ali pambuyo. Wakabaza amakhota kaye n'kuyang'ana pambuyo pake. Hutala sachotsa munthu mumsewu, nthawi zina amangomudzidzimutsa n'kulumphira komwe mukupita. Mbuzi ikalowa mwadzidzidzi pondani buleki muli mbali yanu, musaizembe mokhotetsa galimoto mwamphamvu. Mbuzi mukhoza kukambirana ndi mwini wake n'kulipira.

Usiku ndimayesetsa kusayenda, ndipo achibale amandidandaula kuti ndimanyamuka pamwambo anthu asanadye. Zomwe zimayenda mumsewu wa M1 kukada zambiri zilibe nyali: ngolo, njinga, anthu ochokera kumowa atavala zakuda. Nyali imodzi yomwe mukuiona kutsogolo mukuyesa njinga yamoto ikhoza kukhala lole ya diso limodzi, ndipo thupi lake lonse lili mbali yanu. Wobwera akakana kutsitsa magetsi, musabwezere pokweza anu, akhungu mukhala awiri. Yang'anani m'mphepete mwa msewu kumanzere, chepetsani liwiro. Madalaivala a mathiraki ali ndi chilankhulo chawo cha ma indiketa, wakumanja kukuuzani kuti musadutse kukubwera galimoto, wakumanzere kuti njira ilipo. Wakumanjayo ndimamumvera nthawi zonse. Wakumanzereyo ndimathokoza, koma ndimadutsa pokhapokha ndaona ndekha, chifukwa mwina mkuluyo akungofuna kuima kuti agule mbatata.

Mukaona nthambi zamasamba zitaikidwa mumsewu, chotsani phazi pa moto nthawi yomweyo, kutsogolo kwafa galimoto, kawirikawiri pakona kapena pachitunda pomwe simungaione. Lamulo limafuna ma triangle, apolisi apamsewu amawafunsa pa rodibuloko, koma nthambi ndi zomwe mudzakumane nazo. Dandaulo langa lili kwa abale athu a malole: mukakonza galimoto n'kunyamuka, chotsani nthambizo, makamaka miyala ikuluikulu yomwe munatsekera matayala. Imatsala pakati pa msewu pachitunda, yakuda bii ngati tala yomwe, ndipo amene amaipeza usiku ndi wa Mira, kagalimoto koti mimba yake ili pafupi ndi pansi.