Amayi akamakuwa pa foni

Amayi anga akandiimbira foni kuchokera ku Ntcheu, ndimayamba ndaitalikitsa kukhutu. Amakuwa ngati akuitana munthu amene ali kutsidya kwa dambo. Tsiku lina ndinawauza kuti, "Amayi, ndikukumvani bwinobwino, tsitsani mawu." Iwo anati, "Joni ndi kutali mwanawe, ndikanong'ona mawu afika bwanji?"

Anzanga kuno ku Johannesburg amayesa ndikukalipiridwa. Ayi ndithu. Amayi akapsa mtima ndimawadziwa: mawu amatsika, amatchula dzina langa lonse pang'onopang'ono, ine thupi lonse zii. Kukuwa kwawoku ndi kwa kumunda, kumene munthu amafunsa mnzake za mvula ali mizere 30 uko, khasu lili m'manja, osasiya kulima.

Ndili mwana, mnyamata wa mfumu ankakwera pachulu usiku kulengeza maliro. Agalu ankayamba kuuwa, ife tili duu pamphasa, kutchera khutu kuti watisiya ndani. Palibe amene ankati akusokosa.

Dzulo mkazi wanga anandigwira paphewa ndikulankhula ndi amayi. Kani nanenso ndimakuwa, mpaka khanda linadzuka kuchipinda.