Lisiti la kubanki musalitaye, abale anga

Fomu ya clearance, yosonyeza kuti ndilibe ngongole kapena katundu wa koleji, ndamaliza kusainitsa, zidindo zonse zilipo, ndipo dzina langa lili pamndandanda wa olandira digiri ya sociology chaka chino. Mtima wakhala pansi, koma mkwiyo sunathe ayi.

Ku laibulale, ku hositelo ndi ku dipatimenti sikunavute. Ukabweza mabuku ndi makiyi amangokudindira n'kupita. Chimene chinandidwalitsa mutu ndi ofesi ya ndalama pakoleji pathu. Nditafika pawindo, bambo amene anali pamenepo anayang'ana pakompyuta n'kunena kuti, "Mayi, muli ndi ngongole ya chaka chachiwiri." Ndinati, "Pepani bambo, ndinalipira kubanki. Mukanandilola bwanji kulemba mayeso a chaka chimenecho ndili ndi ngongole?" Yankho lake: "Bweretsani lisiti." Basi, n'kuitana wotsatira.

Ndalama imeneyo ndikuidziwa bwino. Inali ya nshawa zimene amayi anagulitsa ku Katete, matumba amene tinaswa pamanja mpaka zala kutupa. Ndiye munthu angonena kuti sinafike, osadzuka n'komwe pampando kukafufuza? Ndikapita m'mawa, ati netiweki palibe. Ndikapita masana, ati osaina ali kumsonkhano, bwerani mawa. Tsiku lina ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, osadya, poopa kuti ndikachoka pamzere atsegula windo. Sanatsegule.

Anandipulumutsa ndi amayi. Ali ndi chitini chakale cha mabisiketi momwe amasungamo makadi athu a kusikelo ndi mapepala a feteleza, ndipo lisiti lija linali pansi penipeni, lopindidwa kanayi. Inki inali itafufutika moti tsiku ndi nambala tinaziwerenga titalipendeketsa padzuwa. Choncho mukangolipira, lijambuleni pafoni, pangani fotokope, ndipo lenilenilo perekani kwa munthu wosataya zinthu. Mapepala a kubanki amafufutika okha ngakhale osawakhudza.

Kuthamanga konseku n'chifukwa choti popanda clearance sapereka transcript, pepala la zotsatira za mayeso onse a pakoleji, ndipo ine ndinkafuna kuitumiza pamodzi ndi satifiketi ya Giredi 12 ya bungwe la mayeso la ECZ kusukulu ya zophikaphika ku Cape Town. Amalume atamva anagwira pakamwa. "Iwe, zaka zonsezi pakoleji kuti ukaphike? Kuphika sunaphunzire kwa amako?" Ndinawayankha mwaulemu kuti ndi sociology yomweyo yandifikitsa kukhitchini. Kafukufuku wanga womaliza ndinachitira kwa amayi ophika nsima pamsika wa Kapata kuno ku Chipata. Ndinkapita ndi kope kukafunsa za chilimba ndi za amene amagwira ndalama pakhomo, koma ndinkapezeka ndaima pambaula kuonerera mmene amathirira nsinjiro mu chiwawa, mmene dzanja limadziwira muyezo wa soda mu therere popanda sipuni. Luso lonselo, koma m'mahotela akuluakulu ndiwo zathu amaziika kumapeto kwa tebulo. Ndikufuna ndikaphunzire ntchito ya ushefu mwadongosolo, kagwiridwe ka mpeni, ukhondo, kawerengedwe ka mtengo wa mbale imodzi, ndidzabwere ndidzaphike zakwathu mozilemekeza.

Ndisanaiwale, onani dzina. Liyenera kufanana pachitupa cha NRC, papasipoti, pasatifiketi ndi pa transcript, chilembo ndi chilembo. Mnzanga wina anapeza "l" pamene payenera "r", ndipo mpaka pano akuyendera zokonzetsa. Kuno kwathu mapepala a maphunziro amawatsimikizira a ZAQA, ndipo ku South Africa amene amayeza mapepala ochokera kunja ndi a SAQA. Funsani sukulu yanu msanga ngati ikufuna zimenezo, chifukwa si za tsiku limodzi.

Za viza ya ophunzira, muyenera kukhala ndi kalata yoti sukulu yakulandirani, umboni wa ndalama, lipoti la dokotala, inshulansi ya zachipatala (medical aid) yolembetsedwa ku South Africa komweko, ndi kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu. Apa musathamange. Kalata ya apolisi ndi ya dokotala zisapitirire miyezi 6 pa tsiku limene mukupereka mapepala, ndiye dikirani kaye sukulu ikuyankheni. Ofesi ya kazembe wa South Africa ili ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Chipata, kudutsa Petauke, Nyimba ndi mlatho wa Luangwa. Ulendo umenewo si woti ukafika pasiteshoni ya mabasi ya Intercity ku Lusaka n'kuzindikira kuti pepala limodzi latsala kunyumba. Sonkhanitsani zonse mufayilo imodzi, chilichonse ndi fotokope yake.

Kuofesi ya ndalama kuja, nditawaonetsa lisiti, bambo aja sanathe ndi mphindi zisanu. Ati ndalama inalembedwa pa nambala ya wophunzira wina. Kupepesa, osayerekeza. Ndinakana kuchoka pawindo mpaka atandipatsa kalata yodindidwa yosonyeza kuti ndilibe ngongole, ndipo inunso muitanitse yanu musanachoke pamenepo. Panali mnyamata wina wa ku Lundazi pambuyo panga, nkhani yake yofanana ndi yanga, koma lisiti lake linatayika. Amuuza kuti apite kubanki akamufufuzire, apo ayi alipirenso. Abale anga, sungani malisiti onse kuyambira chaka choyamba.