Barele wanga wa Maris Otter wapirira chisanu

Tili mu Epulo tsopano, ndipo kadimba kanga kuno ku Norfolk, m'dziko la England, kabiriwira. Barele amene ndinafesa mu Okutobala wadutsa nyengo yozizira osafa. Mu Januwale masamba anali atagona pansi, nsonga zitachita chikasu, moti mnzanga wa dimba loyandikana ankati ndingozula n'kubzalapo anyezi. Koma barele wofesa dzinja la kuno lisanayambe amafuna kuzizirako. Akapanda kumva chisanu ali wamng'ono, ngala sizituluka bwino. Pano phata lililonse latulutsa mphukira zingapo, ndipo mapesi ayamba kuimirira.

Mtundu umenewu wa Maris Otter unatuluka mu 1965 ku Plant Breeding Institute, malo ofufuzira za mbewu a ku Cambridge, komwe Dr G. D. H. Bell anakwatitsa mitundu iwiri, Proctor ndi Pioneer. Ngala yake imakhala ndi mizere iwiri yokha ya njere. Pa zokolola umachepekedwa ndi mitundu yatsopano, komabe ofulula mowa ku England sanausiye, chifukwa chimera chake n'chokoma ndiponso sichivuta pofulula.

Chimera n'chimene ndikufuna ine, ndipo ndicho chikundimanga manja pa nkhani ya feteleza. Ife amene tinakulira m'munda wa chimanga, tikaona tsamba layezuka timathamangira yuleya. Apa ayi. Naitirojeni akachuluka, njere zimadzaza mapuloteni, ufa wosanduka shuga n'kuchepa, ndiye chimera chimatsika mtengo. Komanso phesi limakula mopupuluma n'kugwa mphepo ikawomba. Ndathira pang'ono chabe mu Malichi, ndipo sindiwonjezeranso, ngakhale mtima ukundikakamiza ndikayang'ana mizere ya kumapeto imene ikuoneka yofooka. Dothi la kuno n'lopepuka, lamchenga, ndipo barele wa chimera amalikonda lotero.

Ntchito ya sabata ino ndi kuzula udzu ndi manja, popeza mizere inayandikana kwambiri, khasu silingalowe. Ukonde ndagula kale wodzatchingira mpheta ndi nkhunda ngala zikayamba kukhwima.

Ndikuyembekeza kumweta mu Julaye. Njere zikadzauma ndidzazisunga kaye milungu ingapo, chifukwa barele wongokolola kumene samera msanga. Kenako ndidzaviika, kumeretsa ndi kuyanika monga momwe timachitira ndi mawere kwathu. Gawo loyamba ndidzayesera thobwa, ndione ngati chimera cha barele chingatsekemeretse phala la mgaiwa. Amene munayesapo kale, ndiuzeni muyezo umene munathira.